DVD ya ukwati ikutuluka mizere pa HandBrake, mawu ziii

Mavuto wa ku Limbe: Akuluakulu thandizeni changu. Kasitomala wabweretsa DVD ya ukwati wake akufuna ilowe pa flash, ndaponya mu HandBrake (pulogalamu yokonvetera video), mtundu wa video ndasankha H.265, RF (nambala ya quality, ikachepa chithunzi chimakongola) ndaika 22, koma anthu akangoyamba kuvina pa perekaniperekani manja onse mizeremizere ngati chipeso, ndiye akuti pa TV yake chithunzi chikubwera koma mawu ziii. Akubweranso mawa m'mawa ndipo ndalama ndadya kale.

Bambo a Tadala: Ndi interlace imeneyo achimwene, chithunzi chojambulidwa m'magawo awiri a mizere yosinthana. DVD zathu zambiri ndi PAL, 720x576 pa 25fps, zojambula pa makamera a tepi aja. Pitani ku Filters muyatse Decomb kapena Yadif, zimachotsa mizereyo. Framerate (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi) isiyeni pa Same as source, mukaikakamiza 30 anthu aziyenda modukizadukiza. Mawuwo ndikukaikira mwasiya AC3 passthru (mawu a pa DVD osasinthidwa), ma TV ena otchipawa samaiwerenga, ikani AAC stereo.

Jah Kaunjika: H.265 yokhayo musaikhudze, size imachepa.

Mayi Edit: Size yanji pa 576 aJah? H.264 mu MP4, RF 19 kapena 20, imasewera paliponse. Flash ija akaitengera kwa apongozi ku Ndirande TV ina ikakana, foni ikulirirani inuyo usiku. Komanso musakweze resolution ku 1080, mungotupitsa file, nkhope sizisintha.

Jah Kaunjika: Anga onse ndimawapatsa H.265 palibe wabwerera.

Mjomba: Sabwerera chifukwa amabwera kwa ine kkkk. Wina anandibweretsera DVD ya kwaya yomwe mnyamata wina anaikonveta, inali 16:9 anamorphic (chithunzi chotambalala chosungidwa chofinyidwa) iye waitulutsa 4:3, abusa ndi azimayi a mvano onse oonda kutalika, anthu anakwiya zoopsa mpaka nkhani inakafika kwa akulu a mpingo. Ndiye aMavuto yang'ananinso ku Dimensions. Ndipo musamaenkode kuchokera pa disc, kopani kaye folder ya VIDEO_TS yonse pa hard drive, ma disc akalewa ndi okalikakalika, magetsi akathima pakati mungayambirenso kuizunza.

Bambo a Tadala: Flash ikakhala yofomatidwa FAT32 file isapitirire 4GB. Ndipo yesani kaye chapter imodzi ya kuvinayo musanasiye kompyuta usiku wonse.

Jah Kaunjika: Mwaona, ndi H.265 za 4GB simungazidandaule.

Mayi Edit: AJah pumulani. Paja ndani akudziwa komwe kukupezeka DVD drive ya USB mu Limbe muno, yanga yayamba kukana ma disc a dual layer.