Impact ya R4,800 chifukwa cha bawuti imodzi: ndigule kapena ndisiye?

aMbewe (Rosettenville): Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili pa mavuto, lero ndi tsiku lachitatu. Honda CR-V yanga ija ya 2000, injini ya B20, ndimafuna kusintha lamba wa timing ndi water pump yomwe, poti yayamba kudontha. Zonse ndamasula bwinobwino koma bawuti ya pa crank pulley, gudumu lija la pansi pa injini lozunguza malamba, yakaniratu. Dzulo ndathyola power bar yanga ya hafu inchi, chitsulo chachitali chija chokokera soketi, mutu wake wayasama ngati ng'ona. Galimoto ili pa masitandi pabwalo la eni nyumba, ndipo mayi ake ayamba kale kuyankha moni wanga ndi mphuno. Ndaona impact ya batire, makina aja onga mfuti omasulira mabawuti, pa shopu ina ku Selby, R4,800 pamodzi ndi batire limodzi ndi chaja, pabokosi alemba kuti mphamvu yake yopotokolera ndi 1,000 Nm. Ndigule? Kunena zoona ndalamayi ndimasungira feteleza wa kumudzi.

aNkhoma (Cosmo City): Gulani achimwene, musachedwe. Ine yanga ndinagula chaka chatha ndipo sindinong'oneza bondo. Kale ndikaitanidwa kukasintha CV joint ndinkathera theka la tsiku pa nati imodzi, pano ndi trrrr kawiri basi yatuluka. Kasitomala amakupatsanso ulemu akaona watulutsa chimenechi m'chikwama.

anaBanda (Randburg): Inu aNkhoma ndinu makaniko, ndi khasu lanu limenelo. AMbewe amagwira ntchito ya m'munda ku Bedfordview, galimoto amaigwira Loweruka lokha. Feteleza asagule chifukwa cha bawuti imodzi? Mvula ikagwa mu Novembala alamu athu akabzala impact?

aGondwe (Kempton Park): Kkkkk. Koma mukuvutikiranji anthu inu. Ikani soketi ndi power bar, chogwirira chake chitsamire pansi kapena pa chassis, zulani waya wa coil kuti isalire, kenako gwedezani kiyi kamodzi. Sitata imamasula yokha. Ine ndinachita choncho pa Tazz yanga, mphindi imodzi siinakwane.

aPhiri (Booysens): AGondwe imani kaye pomwepo. AMbewe, musayerekeze. Pa Tazz zimatheka chifukwa injini ya Toyota imazungulira mbali yomwe mivi ya wotchi imayendera, ukaima kumene kuli pulley. Ndiye crank ikatembenuka bawuti itagwidwa, imamasuka. Ma Honda akale aja, ma B ndi ma D a mu Ballade, amazungulira mobwerera. N'chifukwa chake pulley yanu ili kumanzere, mbali ya pasenjala, pomwe pa Tazz ili mbali ya dalaivala. Mukagwedeza sitata pa B20 ndiye kuti mukuikhwimitsa bawutiyo kuposa mmene ilili. Mwina muthyola soketi, mwina bawuti iduka mutu n'kutsalira mkati mwa crank, pamenepo ndiye maliro enieni.

aGondwe: Iiii sindimadziwa madala. Ndabweza mawu anga.

aMbewe: Mwandipulumutsa aPhiri, usiku uno ndimati ndiyesere zomwezo, ndinaziona pa YouTube. Ndiye mwina ulusi wake ndi wamanzere? Mwina ine ndakhala ndikumanga m'malo momasula.

aPhiri: Ayi, ulusi ndi wamba, imamasukira mbali yomwe mabawuti onse amamasukira. Mutu wake ndi 19. Buku limati imangidwe pa 177 Nm, koma ikakhala zaka, kutentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku, kuti ichoke imafuna mphamvu yoposa pamenepo kutalitali. Funso langa ndi ili: pamene mumakoka power bar ija, injini munaigwira ndi chiyani kuti isazungulire?

aMbewe: Ndinaika pa P, mphwanga anaponda buleki. Kenako tinalowetsa sikuludilaiva pa mano a flywheel, inapindika.

aPhiri: Ndinadziwa. Yanu ndi otomatiki, pakati pa injini ndi giyabokosi pali torque converter, mafuta okhaokha, palibe chogwira. Mphwanuyo akanaponda buleki mpaka mwendo kuchita dzanzi, crank ikanangozungulirabe. Za giya 5 ndi buleki zija ndi za galimoto ya manyuwale, ndipo ngakhale kumeneko mphamvu yambiri imathera mu klatchi ndi m'mashafiti, mumangomva ngati mukukoka mphira wa legeni. Chomwe mukusowa inu si mfuti ayi. Suzumirani mkati mwa pulley, muona bowo la makona sikisi, lalikulu, mamilimita 50. Honda anaika bowo limenelo dala. Pali chitsulo chake chimalowa mmenemo, pakati chili ndi malo opitira soketi ya 19, pambali mumalumikiza power bar ina n'kuitsamiritsa pansi. Mukatero pulley siyendanso. Chitsulo chimenecho mtengo wake sufika ndi kotala ya impact mukunenayo.

aNkhoma: Madala ndimakulemekezani koma njira zanuzo ndi za nthawi ya Kamuzu. Ndi impact sufunika kugwira chilichonse, imamenya mofulumira injini isanaganize zozungulira. Chitsulo chanucho chimagwira ntchito pa Honda yokha, chikatha apo chikagona m'bokosi. Impact amasulira matayala, ma shock, nati ya pa hub, chilichonse. Ndi katundu, tsiku lina akhoza kukagulitsa ku Cash Crusaders.

aPhiri: Mwana wanga, yako ija unayesapo pa crank ya Honda?

aNkhoma: Pa Honda ayi. Pa Polo ndi pa NP200 inachotsa.

aPhiri: Ukadzayesa udzandiimbire. Ine pagalaja pomwe ndimagwira tili ndi ya mpweya ya hafu inchi, yabwino ndithu, koma Accord ina inatigoneka nayo masiku awiri. Imangolira kakaka, soketi mpaka kutentha, bawuti osasuntha ndi pang'ono pomwe. Tinachita kukabwereka ya three quarter kwa anzathu okonza malole.

aJere (Jeppestown): Ndilowererepo, poti ine mfuti zimenezi ndimagwira kuyambira 8 koloko mpaka 5 pa ntchito ya matayala. Nambala ya pabokosi musamaikhulupirire kwambiri. Makita kapena Milwaukee akalemba nambala umadziwa kuti ili pafupi ndi zoona, koma mtengo wakenso ndi wina, ndipo nthawi zambiri amagulitsa thupi lokha, batire ndi chaja padera. Zinazi zopanda dzina lodziwika amangolemba zomwe zawasangalatsa. Mnzanga anaitanitsa ina pa intaneti yolembedwa nambala yaikulu zedi, inakanika nati ya tayala la Quantum. Chachiwiri, impact imadana ndi extension, chitsulo chija chotalikitsira soketi. Mukaika yaitali kuti mufikire kudzera ku tayala, chitsulocho chimapotoka pang'ono pa kumenya kulikonse, ndiye mphamvu imathera panjira. Soketinso ikhale yakuda ija ya impact, osati yonyezimira, imeneyo imasweka n'kukuvulazani m'maso. Palinso soketi ina ya 19 yonenepa, yolemera ngati mwala, anaipangira mabawuti a Honda omwewa. Kulemerako ndi komwe kumathandiza, imamenya ngati hamala yaikulu. Ndiye mukati mugule mfuti, werengeraninso soketi imeneyo.

anaBanda: Mwamva? R4,800 yayamba kubereka ana.

aMbewe: Anzanga ena kuntchito akuti ndiiwotche ndi gasi, ikafiira imasuka yokha.

aPhiri: Moto ndi wa pomaliza, ndipo pang'ono, pa mutu wa bawuti pokha. Pulley imeneyo ili ndi mphira pakati wochepetsa kunjenjemera kwa injini, kuseri kwake kuli oil seal ndi chivundikiro cha pulasitiki. Mukaotcha mosasamala mugula zitatu m'malo mwa chimodzi. Mvetserani mmene timachitira. Chotsani tayala lakumanzere. Lowetsani chogwirira pulley, power bar yake igunde pansi pa simenti. Soketi ya 19 ya makona sikisi, osati ya thwelofu, imeneyo imadya mutu wa bawuti. Extension ifike kunja kwa bodi. Tsono apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kumapeto kwa extension, pomwe yakumana ndi power bar, ikanipo sitandi ina kuti ikhale mowongoka, mulingo umodzi ndi bawuti. Popanda sitandiyo mukakanikiza zonse zimaweramira pansi, soketi n'kuvuka. Kenako paipi. Paipi ya mita imodzi ndi theka, munthu wa makilo 70 akaitsamira kumapeto ndi thupi lonse, ndi pafupifupi 1,000 Nm yomwe yalembedwa pabokosi lanulo, koma iyi ndi yeniyeni ndipo siifuna chaja. Osadumphira, kungotsamira pang'onopang'ono. Ikamasuka imalira ngati mfuti, mudzaganiza kuti mwathyola kanthu.

aGondwe: Ku Rosettenville kukalira choncho aneba onse agona pansi kkkk

aNkhoma: Chabwino, koma power bar ya hafu inchi yathyoka kale. Ya three quarter ndi extension yake ndi ndalamanso. Mukaphatikiza ndi chitsulo cha Honda chija mwafika pena pake. Bwanji osangowonjezera n'kukhala ndi chinthu chamuyaya? Komanso aMbewe si paja mumati mukufuna kubwerera kumudzi chaka chamawa mukatsegule kagalaja pa Lunzu? Kumeneko magetsi ndi a mwayi, kompulesa siithandiza. Ya batire mumatchaja pomwe magetsi abwera, tsiku lonse mukugwira ntchito.

anaBanda: Apo pokha aNkhoma mwanena zomveka. Koma galaja ya chaka chamawa igule zida zake chaka chamawa. Batire likakhala miyezi osagwira ntchito limafooka, ndipo likafa ali ku Lunzu akalipeza kuti la mtundu womwewo? Achita kudikira munthu wokwera basi pa Park Station kuti awatengere. Ine malume anga ali ndi drill yabwinobwino ku Ndirande, yangokhala chokongoletsa pawindo chifukwa cha batire.

aJere: Akafuna kugula adzagule mtundu womwe mabatire ake amapezeka paliponse, ndipo batire limodzi lizilowa ku drill ndi ku grinder komwe. Kugula mothamanga chifukwa eni nyumba akukwiya ndi komwe kumagulitsa anthu zinthu zachabechabe.

aGondwe: Nanga bwanji tisonkhe tonse pagulu pano, ikhale ya gulu? Anthu khumi R500 aliyense.

anaBanda: Ngati jeki ija tinasonkha? Ili kuti pano?

aGondwe: Nkhani ya jeki tisaiyambe, mwini wake ali pagulu pompano akuwerenga mwakachetechete.

aPhiri: Zosonkha ine ayi. AMbewe, chogwirira pulley ndili nacho, power bar ya three quarter ndili nayo, paipi ndi ya mpanda wakale ili kuseri kwa galaja. Loweruka ndimaweruka 1 koloko, Booysens ndi Rosettenville ndi pafupi. Mudzangondiphikira nsima ya ufa woyera ndi usipa ngati ulipo, za papa wa m'sitolo ndatopa nazo.

aNkhoma: Inenso ndibwera ndi impact yanga. Tiyambe ndi imeneyo, ikakanika ndiye mutulutse paipi yanuyo. Ikachotsa, aPhiri mundigulira Fanta pamaso pa gulu.

aPhiri: Bwera. Udzatchaje batire lidzadze, ndisadzamve zoti linali ndi theka.

aMbewe: Odi akuluakulu, lipoti la Loweruka. ANkhoma anafika ndi mfuti yawo, anamenya katatu, ulendo uliwonse mpaka batire kutentha m'manja. Bawuti phee. Tinathira mafuta omasulira dzimbiri, tinadikira, anamenyanso, phee. Ndiye aPhiri anamanga zitsulo zawo, sitandi pansi pa extension monga ananenera, ine ndi amene ndinatsamira paipi. Poyamba imangowerama, ndinafika poti mapazi anatsala pang'ono kuchoka pansi, kenako PHWAA! Ndinagwera pa matako, galu wa eni nyumba anathawira m'nyumba. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti crank yaduka. Kuyang'ana, bawuti ikuzungulira ndi zala.

aNkhoma: Nenani zonse achimwene. Ine ndi amene ndinaifooketsa, madala anangomalizitsa.

aJere: Kkkkk zimenezo ndi zomwe amanena aliyense wokanika kutsegula botolo. Koma mwina ndi soketi yolemera ija ikanachoka, sitingadziwe.

aPhiri: Fanta wanga sindinamuonebe. AMbewe, pochotsa pulley samalani kakiyi kakang'ono kali pa crank, kamagwa mosaoneka ndipo popanda iko pulley siigwira. Kaikeni m'kachitini. Musanavule lamba onetsetsani kuti zizindikiro za timing zili pamalo pake, injini imeneyo lamba akalumpha mano mapisitoni amamenya mavalavu. Pobwezera, pakani oyilo pang'ono pa ulusi wa bawuti, mumange ndi torque wrench, sipanala ija yoyeza mphamvu, pa 177, osati ndi mfuti ya aNkhoma. Chogwirira chija ndachisiya dala kwanuko chifukwa pomanga mudzachifunanso. Ndichione Lachitatu.

anaBanda: Ndiye ya feteleza yapita kumudzi?

aMbewe: Ndatumiza m'mawa uno pa Mukuru, alandira kale. Ndatsala ndi yogulira power bar ina m'malo mwa yothyoka ija. Koma ndisaname, mmene aNkhoma anamasulira manati a tayala ndi chinthu chija, asanu onse ndisanamalize kutsegula Fanta, mtima wanga sunakhazikikebe. AJere, mukamva kuti Makita yatsika mtengo pa Black Friday mundiuze kumbali, anaBanda asaone.

anaBanda: Ndaona.