Gogo amene ndikuwasamalira amayankhula Chiarabu chokha, ndithandizeni

Nachisale (Muscat):
Moni achemwali nonse. Ndapeza ntchito yosamalira gogo wachikazi wodwala shuga ndi BP. Mwana wawo amadziwa Chingerezi koma amalawirira ku ntchito, ndiye tsiku lonse timatsala awiri. Dzulo gogo anagwira pamutu n'kumabwereza mawu akuti "dokha, dokha", ine osamva kanthu. Pa mabokosi a mankhwala mwana wawo analembapo manambala achiarabu. Mtima suli m'malo, ndiyambire pati?

Mayi a Tadala (Sharjah):
Achemwali, dokha ndi chizungulire, ndipo kwa wodwala shuga si mawu ongowamvera. Mukawamvanso, tengani makina muwayeze nthawi yomweyo. Ngati akutuluka thukuta, akunjenjemera ndipo shuga watsika, apatseni juwisi kapena zipatso za tende, zimene iwo amati tamr, bola akhale ali maso ndipo akutha kumeza. Akakomoka musawaike kalikonse m'kamwa, itanani ambulansi. Za moni ndi kuwerenga masiku zidikire kaye. Yambani ndi mawu a thupi. Waja ndi ululu. Wein ndi "pati". Mukati "wein waja?" adzakulozerani okha. Ras ndi mutu, sadr chifuwa, batn mimba. Akanena sadr musazengereze, imbani foni.

Asiyatu (Riyadh):
Ine ndinaphunzira ku madrasa kwathu ku Mangochi, zilembo ndimawerenga bwinobwino, koma Chiarabu cha m'Qur'an ndi cha m'nyumba n'zosiyana. M'buku madzi ndi maa, kuno ku Saudi amati moya, mayiko ena a ku Gulf amati mai. Ndiye musadalire kwambiri maapu a pafoni, ambiri amaphunzitsa cha m'mabuku. Gogo akumvani, koma akayankha m'chiyankhulo cha kwawo mutsala m'malere.

Manambalawo ndi amene akundidetsa nkhawa. Chizindikiro ٥ chimaoneka ngati ziro koma ndi 5. Ziro weniweni ndi kadontho. Ndipo ٦ amaoneka ngati 7 koma ndi 6, pamene 7 ndi ٧. Komanso ٢ ndi ٣ amangosiyana ndi kadzino kamodzi pamwamba, munthu akalemba mothamanga sungasiyanitse. Pa mankhwala a shuga kusiyana kotere kungathe kugonetsa munthu m'chipatala. Usiku uno mwana wawo akhale nanu pansi, alembenso bokosi lililonse ndi manambala amene mumawadziwa.

Nachisale:
Zikomo anzanga. Bokosi lina ndimayesa la 7 koloko, ndaliyang'ananso ndi ٦ ndithu. Mwayi wake mpaka pano amawamwetsa ndi mwana wawo asananyamuke. Nanga la chakudya chisanadyedwe ndi la pambuyo ndizizindikira bwanji?

Asiyatu:
Qabl al-akl ndiye asanadye, ba'd al-akl atatha kudya. Ena q'yo amaitchula ngati g, mudzamva gabl, ndi mawu omwewo. Mankhwala ndi dawa.

Nangozo (Sohar):
Pamene mwatchula dawa mwandikumbutsa, paja m'Chiswahili namonso mankhwala ndi dawa. Nachisale, mwawayesapo Chiswahili? Kuno ku Oman mabanja ambiri ali ndi mizu ku Zanzibar. Mafumu a Oman analamulira chilumbacho, ndipo zitasokonekera mu 1964 ambiri anachokako, ena n'kudzakhazikika kuno. M'nyumba ina imene ndinagwirako, agogo ake ankatukwana wailesi m'Chiswahili! Si banja lililonse ayi, koma kufunsa sikulipitsa. Mungoti "unaumwa wapi?", kutanthauza "mukumva kuwawa pati?", muone nkhope yawo.

Ndipo mai Tadala anena za foni osanena nambala. Kuno ndi 9999, osati 998 ya kwawoko. Ambulansi ndi is'aaf. Lembani papepala dzina la dera, nambala ya msewu ndi ya nyumba, mumate pafiriji, chifukwa mantha akakugwirani mudzaiwala ngakhale dzina lanu.

Mayi a Tadala:
Zoona mai Nangozo, 998 ndi ya kuno ku UAE. Ndiwonjezereko za ulemu, chifukwa gogo wokwiya samwa mankhwala. Piritsi ndi kapu muziwapatsa ndi dzanja lamanja. Muziwatchula kuti Hajja kapena khala, mawu aulemu oitanira amayi achikulire, osati dzina lawo. Poyankhula ndi mkazi mawu amathera ndi i: ishrabi ndiye imwani, kuli ndiye idyani. Mukapanda kumva musagwedeze mutu kuvomereza, ambirife ndi pamene timagwera. Nenani "ma fahimt", kutanthauza sindinamve, kenako "shwaya shwaya" kuti ayankhule pang'onopang'ono. Ramadan ikamayandikira, nkhani ya kusala ndi nthawi za mankhwala aigamule ndi dokotala pamodzi ndi banja, musaisenze nokha.

Nachisale:
Ndayesa Chiswahili changa chothyokathyoka cha ku Karonga. Gogo sachidziwa, koma mchemwali wawo amene amabwera Lachisanu akuti amachiyankhula, ndiye andithandiza kufunsa zina. Mabokosi onse talembanso, pepala lili pafiriji. Tagwirizananso kuti gogo akanena zimene sindikumva ndiziwajambula mawu n'kutumizira mwana wawo pa WhatsApp, bola gogowo alole. Asiyatu, mawu akuti "mwamwa kale?" amati bwanji? Ndikufuna ndiziwafunsa ndisanatsegule bokosi.

Asiyatu:
Sharabti ad-dawa? Koma pa mankhwala musangodalira yankho lawo, achikulire amaiwala. Gulani kabokosi ka zipinda za masiku asanu ndi awiri ku saydaliya, ndiko ku famase, mwana wawo azidzaza sabata iliyonse inu mukuona.