Droni yathu ikukana kunyamuka, tagwetsa kawiri, thandizeni akuluakulu

Tekinishani wa ku labu:
Muli bwanji nonse muno. Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo sabata ino. Ndikuthandiza mnyamata wa masters kumanga droni ya mapiko, ya fomu ndi kaboni, yoti izijambula minda ya chimanga ili m'mwamba, ndipo kafukufuku wake yense watsamira pa kandege kameneka. Ikulemera 4.2 kg pamodzi ndi kamera ndi batire, phiko ndi 0.5 m², maumbidwe ake (airfoil) ndi a Clark Y, propela 12x6. Pa pepala komanso mu XFLR5, pulogalamu yowerengera mapiko, titaika CL max (malire a mphamvu yonyamula ya phiko) ya 1.2, stall (liwiro lomwe phiko limaleka kunyamula ndege) ikutuluka 10.6 m/s ndipo ikuyenera kudzuka isanathe mamita 20. Koma tapita nayo kawiri ku famu ina ku Lusaka West, ikuthamanga mamita 20, 25, mnyamata akukoka elevator (chiwongolero cha kumchira chokweza mphuno), ikudzuka pang'ono kenako phiko lamanzere likugwa, khu pansi. Koyamba tinamata ndi epoxy, kachiwiri spar (mtanda wa mkati mwa phiko) yathyoka ndipo yatsala imodzi yokha, kuitanitsa ina kunja ndi masabata angapo pomwe mwanayu akuyenera kupereka ma results mwezi wamawa. Tikulakwitsa pati?

Wa ku Chipata:
Pepani akulu. Ine ndikukayikira CG, malo omwe kulemera kwa ndege kumalinganira. Mwayeza ili pati? Kamera mukaiyika kumbuyo pang'ono basi ndege imakhala yolemera kumchira ndipo imachita zomwe mukunenazo, kudzuka mwamphamvu n'kugwera mbali. Ikani zala pansi pa phiko muone.

Tekinishani wa ku labu:
Tinayamba ndi zimenezo achimwene, ili pa 28% ya chord (kukula kwa phiko kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo), tayeza katatu ndi batire lili m'malo mwake. Ma servo, timamota tosuntha ziwongolero, nawonso ali bwino, palibe ikuyenda chobwerera.

Mdala wa ku hangala:
CG pa 28 ilibe mlandu. Ndifunse kaye, munaulutsa nthawi yanji, ndipo density, kulemera kwa mpweya, munaika zingati mu masamu anu?

Tekinishani wa ku labu:
Cha m'ma 13 hours masiku onse awiri ba mdala, chifukwa m'mawa timakhala tikutchaja mabatire magetsi akabwera. Density ndamufunsa mnyamata, akuti sanasinthe, inali 1.225 yomwe imabwera kale mu pulogalamu.

Mdala wa ku hangala:
Ndi pomwepo pagona nkhani mwana wanga. 1.225 ndi mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere pa 15°C, wa m'mabuku, mpweya umenewo ku Lusaka kulibe ndipo sunakhaleko. Tauni ino ili pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja, ngakhale bwalo la Kenneth Kaunda lomwe lili chotsika pang'ono lili pa 3,779 ft, ndiye wonjezerani dzuwa la Okutobala lino masana 32, 33°C. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pressure kuno imakhala cha pa 870 hPa, ndiye 87,000 Pa gawani ndi 287 yomwe ndi nambala yosasintha ya mpweya, gawaninso ndi 306 yomwe ndi 33°C mu Kelvin, mupeza 0.99. Mpweya wanu wapepuka ndi 19% poyerekeza ndi womwe munauza kompyuta. Ndegeyo ikumva ngati ili pamwamba pa mamita 2,100 pomwe matayala ali mu fumbi.

Manje onani zomwe zikutsatira. Phiko likufuna liwiro lochuluka kuti linyamule 4.2 kg yomweyo, stall yanu yachoka pa 10.6 yafika 11.8 m/s. Nthawi yomweyo propela ikuluma mpweya wochepa ndiye thrust, mphamvu yokokera ndege kutsogolo, yatsika, mota yamagetsi imapepukidwa n'kuzungulira msangako koma sibweza zonse. Mukufuna liwiro lalikulu ndi mphamvu yochepa, ziwirizi zikakumana mtunda wothamanga pansi umakula pafupifupi ndi theka, mamita 20 anu ndi 30 kapena kuposa poti pansi pake ndi dothi ndi udzu. Mnyamata akukoka pa mamita 25 ndege isanakhute liwiro, mphuno ikukwera, phiko likufa (stall ija), ndipo likugwera kumanzere chifukwa torque, mphamvu yopotoza ya propela, ikukankhira komweko. Ife ku ndege zazikulu ichi timachiopa kwambiri, tsiku lotentha woyendetsa amawerenga kaye density altitude, kutalika komwe ndege ikumva ngati ilipo, ndipo nthawi zina amachepetsa katundu, si kuti ndege yadwala ayi, mpweya ndi womwe wawonda.

Tekinishani wa ku labu:
Ba mdala zikumveka ndithu. Koma mnyamata wawerenga pompano ndi pressure ya pa foni yake, ikuonetsa 1016 hPa, akupeza 1.16 osati 0.99. Kusiyana kukuchokera kuti?

Amayi a aerodynamics:
Ndilowepo apa chifukwa ichi chimagwira ana anga a m'kalasi chaka ndi chaka ndipo chimandiwawa, si ulesi wawo, palibe amene anawauza. 1016 ya pa foniyo, ngakhale Q yomwe mumaona mu METAR, lipoti la nyengo la pa eyapoti, ndi QNH, pressure yomwe aibwezera ku sea level kuti altimeter izionetsa kutalika kwa bwalo ndege ikatera. Si pressure yomwe ikukhudza phiko lanu. Inu mukufuna station pressure, ya pamalo pomwe mwaimapo. Ndipo simukufunika kugula chilichonse, ngati muli ndi Pixhawk, kakompyuta koyendetsa droni, ili ndi barometer yoyeza pressure mkati, tsegulani log ya tsiku lomwe munagwalo muone BARO, mupeza manambala a m'ma 86,000 kapena 87,000 Pa. Temperature yokha musatenge ya mu bodi chifukwa imatenthedwa ndi ma chip, pachikani thermometer pamthunzi.

Chachiwiri, mnyamatayo amayang'ana liwiro liti pokoka? Muli ndi pitot, kachubu koyezera liwiro la ndege mu mpweya?

Tekinishani wa ku labu:
Pitot tilibe amayi, bajeti inatha. Ine ndimayang'ana ground speed ya GPS pa laputopu, ikafika 11 ndimamukuwira kuti koka.

Amayi a aerodynamics:
Ndiye mwaona, pa 11 munali pansi pa stall yeniyeni, ndipo GPS sidziwa za mphepo, kamphepo ka 2 m/s kochokera kumbuyo basi mwatsala ndi 9 pa phiko. Pitot ubwino wake imayeza pressure yomwe phiko likumva, ndiye pa indicated airspeed stall imakhala pafupi ndi nambala yomweyo kaya muli ku Beira m'mphepete mwa nyanja kaya ku Lusaka, ndi chifukwa chake oyendetsa ndege amadalira imeneyo. Ndili ndi sensor ya pitot imodzi yomwe ili chikhalire mu kabati, bwerani mudzatenge mudzabweza. Muikeni kutali ndi mphepo ya propela, pa phiko, ndipo pochita calibrate muiphimbe kuti mphepo isalowe koma osatseka mothina.

Chinanso chomwe ndikufuna mnyamatayo amvetse bwino poti ndi wa kafukufuku. CL max ya 1.2 anaitenga pa Reynolds number (Re, nambala yosonyeza momwe mpweya umayendera pa phiko) yanji? Chord yanu ngati ili cha pa 0.25 m, pa 12 m/s mu mpweya wathu uno Re ili pafupi 160,000 yokha, chifukwa mpweya ukapepuka komanso ukatentha kinematic viscosity, nambala yomwe timagawa nayo popeza Re, imakwera, kuno ikufika 1.9e-5 pomwe pulogalamu ili ndi 1.5e-5. M'dera limenelo la Re yochepa ma airfoil amavuta, mpweya umalekana ndi phiko msanga, ndipo fomu yomatamata ndi epoxy sikhala yosalala ngati ya pa kompyuta. Ine ndikanatenga 1.1 kuti ndigone tulo, zomwe zikukankha stall kufika 12.3 m/s. Musakoke isanadutse 14.

Wa ku Chipata:
Apa ndaphunzira nanenso, ndinathamangira CG. Koma bwanji osangoika propela yaikulu, 13x6.5, nkhani ithe?

Mdala wa ku hangala:
Ingathandize koma osati mwachimbulimbuli. Thrust imakwera kwambiri ndi diameter koma ma amp nawo amakwera, mutha kuwotcha ESC, kachipangizo kolamulira magetsi opita ku mota, ndege ili m'mwamba ndiye spar yomalizayo yapita pamodzi ndi kamera. Mangani ndege kumchira ndi chingwe, kolowekani ku sikelo ija yolendewera yoyezera katundu, ikani watt meter pakati pa batire ndi ESC, yatsani full throttle masekondi 10, lembani ma kg ndi ma amp. Chitani zimenezo pa ma propela onse awiri, m'mawa komanso masana. Ndipo chonde munthu asaime m'mbali mwa propela, ndinaonapo ikuthyoka, zidutswa zake zimacheka ngati lezala.

Mtsikana wa ma droni a mapu:
Ine ndiwonjezere za kumunda. Ndimaulutsa pa ntchito za survey ndipo nyengo ino sindinyamula ndege yolemera ikakwana 10 hours. Pa 6 m'mawa kuli cha pa 18°C, density imakhala 1.04, mwapeza 5% yaulere komanso kulibe timikuntho tija ta fumbi tamasana. Tchajani mabatire dzulo lake. Mphepo ya kuno nthawi zambiri imachokera kum'mawa, ndiye yang'anitsani mphuno komwe kukutuluka dzuwa, mangani kansalu pa ndodo muzionera. Ulendo woyamba chotsani kamera, ikani kamwala kopepuka kapena sunthani batire kuti CG isasinthe. Ndipo mapepala a Civil Aviation Authority akhale m'galimoto, 4 kg si chidole.

Anzathu a ku Malawi nawo amaulutsira pamtunda ngati ife, corridor ya ku Kasungu yoyeseramo ma droni yomwe anatsegula mu 2017 ili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mu 2020 mothandizana ndi UNICEF ndi Virginia Tech. Mnyamata wanu akawalembera sangasowe womuyankha.

Amayi a aerodynamics:
Ndipo asabise kugwa kuwiriko mu thesis. Alembe chaputala cha zomwe anawerenga ndi 1.225, zomwe zinachitika, ndi zomwe anapeza atayeza mpweya weniweni. Manambala a thrust oyezedwa pa mamita 1,280 m'dzuwa la Okutobala ndi omwe wobwera pambuyo pake adzawafune, ndipo ine monga woyesa mayeso ndingakondwe nacho chaputala chimenecho kuposa ma graph okongola a mu kompyuta.

Tekinishani wa ku labu:
Ndabweranso akuluakulu, tangochoka ku famu. Log yakale inaonetsa 86,900 Pa ndendende momwe amayi ananenera. Pa sikelo 12x6 inakoka 1.9 kg masana, 13x6.5 inakoka 2.3 kg pa 41 A ndipo ESC yathu ndi ya 60 A ndiye tasankha 13x6.5. Pitot tamanga dzulo, zikomo amayi. Lero 06:10, 19°C, opanda kamera, mphuno kum'mawa, ndinamuuza mnyamata asagwire elevator mpaka airspeed ifike 14, inadzuka yokha cha pa mamita 27 mapiko ali chilili, yazungulira mphindi 6 n'kutera bwinobwino, mwanayu manja amanjenjemera mpaka ndinamulanda remote atatera. Lachinayi tibwezera kamera, ndipo tapempha mwini famu atilole tilambule mamita ena 20 kumapeto kwa kanjira kathu. Ba mdala, kuyeza stall m'mwamba tikwere mamita angati kaye tisanachepetse throttle?

Mdala wa ku hangala:
Pafupi ndi 100, musapyole malire omwe ali pa chilolezo chanu, ndipo chepetsani pang'onopang'ono mapiko ali level. Ikagwetsa phiko siyani elevator ipite kutsogolo kaye, aileron (chiwongolero cha pa mapiko) musaigwire mpaka liwiro libwerere. Chitani katatu mutitumizire log.