Zotsatira: kuphatikiza zolemba zaulere kukhala buku la ophunzira a kuyunivesite

Zikomo kwambiri nonse amene munayankha funso langa lija, lofuna kudziwa ngati ndingaphatikize zolemba zaulere za pa intaneti kukhala buku limodzi la ophunzira a chaka choyamba. Ndinatsatira malangizo anu oti ndiziyamba ndaona laisensi ndisanakopere tsamba lililonse, ndipo andithandiza zedi.

Zolemba za MIT OpenCourseWare, tsamba la maphunziro aulere la yunivesite ya MIT ku America, zili pa laisensi ya Creative Commons (CC) yotchedwa CC BY-NC-SA: mutha kuzisintha bola mutchule mwini wake, koma osachita nazo malonda, ndipo zomwe mwapangazo zituluke pa laisensi yomweyo. Vuto linabuka apa. Mutu wina umene ndinkaufuna unali pa CC BY-SA, laisensi yofanana nayo koma yolola malonda, ndipo ziwirizi sizisakanizika, chifukwa iliyonse imafuna kuti buku latsopanolo litenge laisensi yake. Ndinausiya n'kupeza wina wa CC BY, umene ungalowe m'buku lotere bola mutchule mwini wake. Za laisensi ya CC yokhala ndi zilembo ND simungazigawe mutazisintha, ngakhale kungozimasulira chabe.

Chenjerani ndi zithunzi. Zina zimakhala ndi timawu pansi pake tosonyeza kuti sizili pa laisensi ya bukulo, zimenezo ndinazichotsa. Pa chilichonse lembani mutu, wolemba, komwe mwachitenga, laisensi yake ndi zimene mwasintha. Buku lathu latuluka pa CC BY-NC-SA, ndipo ophunzira ayamba kale kuligwiritsa ntchito.