Makobiri akumunda wolimidwa akudyeka, akudambo akutuluka bwinobwino

Gift (Mansfield):
Akuluakulu ndithandizeni. Pa famu yomwe timasaka ndi ditekita (makina ofufuzira zitsulo m'nthaka) kuno ku England, makobiri amkuwa am'munda wolimidwa akumatuluka odyekadyeka nkhope ya Mfumukazi Victoria osaoneka n'komwe, koma akudambo komwe amadyetsa nkhosa, famu yomweyo, akutuluka osalala mpaka chaka kuwerengeka. Yomwe yandidetsa nkhawa ndi cartwheel ya 1797 (kobiri lalikulu lamkuwa la Mfumu George III), yatuluka timadontho ta ufa wobiriwira mowala, ndikapukuta ndi bulashi pakapita masiku ufa uja wabweranso. Ndiiviike mu viniga?

Ankolo Phiri:
Viniga ayi mphwanga, ndimu ayi, Coca-Cola ayi. Asidi amachotsa khungu lobiriwira lolimba lija ndipo nthawi zambiri zilembo zimakhala zatsalira pakhungu lomwelo, mukalichotsa mutsala ndi kachitsulo kofiira kamabowobowo. Ufa wobwererabwererawo ndi bronze disease. Mchere wa chloride unalowa mkati mwa mkuwa ndalamayo ili pansi, ndiye mwaitulutsa yakumana ndi mpweya ndi chinyezi, ikupanga asidi wake yokha n'kumadzidya. Choyamba ipatuleni, isagone limodzi ndi zinzake.

Mai a Tadala:
A Gift, dothi lakwanuko ndi mchenga wa Sherwood uja, uli ndi asidi ndiponso madzi ndi mpweya zimangodutsa, mkuwa sukhalitsa. Onjezani feteleza chaka ndi chaka, makamaka wa potash uja poti ndi chloride yemweyo, ndiye pulawo nayo imangoitembenuza ndalama kuikanda kuikweza pamwamba kuibwezanso pansi. Kudambo ndalama imangokhala malo amodzi osasokonezedwa n'chifukwa chake ikutuluka yosalala. Kuno ku Wiltshire dothi ndi lachoko, ndalama za Aroma zazaka zoposa 1,600 zimatha kutuluka zooneka bwino kuposa peni yanu ya Victoria, zosamveka koma ndi choncho.

Gift (Mansfield):
Eee ndiye ndimvetsa. Nanga siliva bwanji amatuluka bwino m'munda womwewo? sikisipensi imangoda basi koma yosadyeka

Ankolo Phiri:
Onani chaka. Isanafike 1920 siliva wake anali 92.5 peresenti, ameneyo dothi silimutha, amangoda. Kuyambira 1920 mpaka 1946 anali theka siliva theka zosakaniza, amenewo amatha kutuluka ndi zobiriwira. Kuyambira 1947 mulibe siliva ndi pang'ono pomwe, ndi cupronickel (mkuwa wosakaniza ndi nickel), imatuluka yofiirira yonyansa. Ma 1p ndi 2p a 1992 kubwera kuno musatchule n'komwe, mkati ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, amafufuma ndi dzimbiri mwachangu.

Bwererani ku cartwheel. Tokosani ufa wonse ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano, mpaka kabowo kayere. Kenako iviikeni m'madzi a distilled (oyeretsedwa, opanda mchere uliwonse), apampopi ayi poti nawo amakhala ndi chloride, muzisintha madziwo pafupipafupi kwa milungu ingapo. Ena timathiramo sodium sesquicarbonate pang'ono koma dziwani kuti imatha kusintha mtundu wa khungu. Ikatuluka iumitseni kwambiri ndithu, muiike m'kabokosi kotsekeka bwino pamodzi ndi silica gel yoyamwa chinyezi.

Chiko:
Ine ndimangopaka Renaissance Wax (phula lotetezera zinthu zakale) pa ndalama zonse, sizithandiza?

Mai a Tadala:
Achimwene pa ndalama yodwala ayi, mukhala mwatsekera chinyezi ndi mchere mkati, imadyekabe pansi pa wax. Wax ndi wa yomwe yakhala mwezi wathunthu youma osatulutsanso ufa. Ndipo timatumba ta PVC tofewa tija tayani, nato timabiriwitsa ndalama.

A Gift mukanena kuti m'mundamo mukutuluka zambiri, ngati zamkuwa zopitirira zaka 300 zitafika 10 pamalo amodzi, kapena zasiliva zopitiriranso zaka 300 ziwiri zokha, musazitsuke n'komwe. Zimenezo zagwera mu lamulo la Treasure Act la 1996, muli ndi masiku 14 oti munene, imbirani Finds Liaison Officer wakwanuko, amene amalemba zinthu zakale zotoledwa.

Gift (Mansfield):
Ayi zanga n'za George III ndi Victoria zokhazokha, zobalalika. Madzi a distilled ndigula mawa ndikaweruka. Ankolo silica gel wake ndi yemwe amabwera m'mabokosi a nsapato uja?

Ankolo Phiri:
Yemweyo koma wakaleyo amakhala atamwa kale chinyezi. Gulani wosintha mtundu akanyowa, muzidziwa nthawi yomuumitsa mu uvuni.