Thandizeni: mabuleki akumbuyo a Vitz akugwira komanso akulira

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2009, ya otomatiki, mabuleki akumbuyo ndi a ma drum (chitsulo chonga mbale chomwe chimazungulira limodzi ndi tayala). Chiyambireni mvula, m'mawa ndikatsitsa handibuleki n'kuika giya, galimoto imayamba yakana kusuntha. Ndikaponda mafuta pang'ono kumbuyo kumamveka kuti khu! kenaka n'kumayenda. Zimenezo ndikanapirira, koma tsopano tayala lakumbuyo la mbali ya dalaivala likumalira ngati zitsulo zikukhulana, makamaka ndikamayenda pang'onopang'ono. Dzulo pochokera ku Limbe ndinamva fungo la kupsa, ndipo limu ya tayalalo inatentha moti sinkagwirika, pomwe ya mbali inayo inali yofunda chabe.

Ndimakhala ku Machinjiri, ndipo kamsewu kolowera kwathu ndi ka matope okhaokha nyengo ino. Makaniki wina wangomvetsera phokosolo, osamasula n'tayala lomwe, n'kunena kuti ndigule ma drum awiri ndi ma shoe (zitsulo zokhota zomwe zimakanikiza drum m'kati kuti tayala liime). Mtima wanga sukuvomera kugula zinthu munthu asanaone m'kati. Loweruka ndiyenera kuperekeza mayi anga ku Nchalo. Kodi vuto lingakhale chiyani, ndipo ndingayende nayo choncho?

Dalaivala wa msewu wa Chikwawa: Achimwene, funso lachiwirilo ndiyankhe ine. Musatsike nayo phiri la ku Thabwa ili choncho. Buleki yomwe yatentha kale pamalo athyathyathya, pa mtsetse uja imawiritsa buleki fuluwidi, pedulo n'kungolowa pansi. Muli ndi mayi m'galimoto. Ikonzedwe kaye, apo ayi kwerani minibasi.

Makaniki wa ku Ndirande: Bwana, apa pali zinthu ziwiri zosiyana. Khu wa m'mawayo nthawi zambiri ndi dzimbiri: mwadutsa m'madzi, mwakoka handibuleki, usiku wonse ma shoe amamatirira ku drum. Koma kutentha kwa tayala limodzi kukusonyeza kuti buleki ya mbali imeneyo sikubwerera ngakhale mukuyenda, ndipo vuto lenileni ndi limenelo.

Musanagule kanthu chitani izi. Imikani pamalo osatsetsereka, ikani miyala ku matayala akutsogolo, kwezani kumbuyo ndi jeke, muikeponso sitandi, tsitsani handibuleki. Zunguzani matayala onse awiri ndi manja. Lomwe likulimba, suzumirani pansi pomwe kebulo ya handibuleki ikulowera kuseri kwa tayala. Kebulo imeneyo imayenda m'chikutiro, ndipo chikutirocho chikang'ambika madzi ndi matope zimalowa, waya n'kuchita dzimbiri, osabwereranso. Kankhani kebuloyo ndi dzanja. Tayala likamasuka, mwampeza wolakwa. Pa magalimoto oyenda m'misewu ya dothi, ine ndimayamba kukayikira pamenepo.

Ngati si kebulo, wina aponde buleki n'kusiya, inu mumasule pang'ono nipo yotulutsira mpweya kuseri kwa drum. Fuluwidi akatuluka mwamphamvu tayala n'kumasuka nthawi yomweyo, ndiye kuti payipi ya labala yopita kumbuyo yatupa m'kati: imalola fuluwidi kupita koma kubwerera ayi. Kunja imaoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake ambiri saiganizira. Zikapanda kusintha, tsegulani drum.

Wofunsa: Zikomo bambo. Nanga drum ikakana kuchoka? Ndimaona anyamata akuimenya ndi hamala yaikulu, ndimachita mantha.

Makaniki wa ku Ndirande: Asamenye mwa nkhanza, amawononga belingi. Ma drum a Toyota ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga pankhope pake. Mumalowetsamo mabawuti a M8 n'kumamanga mosinthanasinthana, drum imatuluka yokha. Ikakakamira pa ma shoe, bwezani kaye adjuster, kachitsulo ka mazinga kosendeza ma shoe kufupi ndi drum. M'kati muone izi: masipuling'i obweza ma shoe ngati sanaduke kapena kufooka, adjuster ngati ikuzungulira, ndiponso tukulani timalabala ta wheel cylinder, silinda yomwe imakankha ma shoe. Mukapeza chinyezi cha fuluwidi kapena pisitoni yosasuntha, sinthani silindayo. Nthawi zina laining'i, chikamba cha pamwamba pa shoe chomwe chimakhudza drum, imamatuka pa shoe n'kumadzipanikiza m'kati, ndiye kulira kwa zitsulo mukumvako kungakhale kumeneko. Laining'i ikatsala pafupi 1 mm yatha ntchito. Ma shoe amasinthidwa mbali zonse ziwiri pamodzi, ngakhale mbali inayo ikuoneka bwino.

Za drum, muyezo wake womaliza unalembedwa pa drum pomwepo. Ayeze. Ngati sinapyole muyezowo ndipo ilibe mizere yakuya kapena ming'alu, palibe chifukwa chogulira ina.

Mayi wina wa ku Area 25: Yanga ya Demio inkachita khu yemweyo. Ndinaphunzira kuti ndikadutsa m'madzi kapena ndikatsukitsa galimoto, ndiziponda buleki mopepuka kangapo ndisanafike kunyumba kuti ziume. Pabwalo pathu m'pathyathyathya, ndiye usiku ndimangoika pa P ndi mwala kutayala, handibuleki osakoka.

Wogulitsa zipangizo ku Limbe: Ndiwonjezere pa mawu a bambo a ku Ndirande. Musalole munthu kuthira oyilo wa injini kapena gilisi wamba pa timalabala ta silinda, amatupitsa labala. Gilisi wa mabuleki amapakidwa pang'ono chabe pomwe shoe imakhudza mbale ya kumbuyo ndi pa mazinga a adjuster, osati pa laining'i. Fumbi la m'katimo musalipemerere ndi kompuresa, ndi loipa m'mapapo. Gwiritsani ntchito brake cleaner. Ndipo popeza buleki yatentha kale choncho, sinthani fuluwidi yense. Amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amati azisinthidwa pakatha zaka 2 zilizonse. Pa chivundikiro cha kabotolo kake analembapo mtundu wofunika, Vitz imalandira DOT 3.

Wofunsa: Ndabwerako ku galaja ina, ndipo ndinaimirira pomwepo akutsegula. Kebulo ya mbali ya dalaivala ndi youma gwa, chikutiro chinang'ambika pafupi ndi tayala, ndipo ma shoe a mbali imeneyo apsa mpaka kuchita kunyezimira. Ma drum awayeza, onse ali bwino. Tasintha ma shoe mbali zonse ndi fuluwidi. Chatsala ndi kebulo: yatsopano sinapezeke lero, koma pali ya pa galimoto yophwasulidwa. Bambo a ku Ndirande, ya pa galimoto yophwasulidwayo ndingaidalire, kapena ndidikire yatsopano ndipite ku Nchalo pa minibasi?