Ndikufuna kudzaphunzitsa aphunzitsi za ana olumala ku univesite, ndiyambire pati?

Nabanda_Tsangano:
Moni nonse. Ine ndimaphunzitsa pulayimale kuno ku Tsangano ku Mozambique ndi pepala la 10+1 basi (kalasi 10 ndi chaka chimodzi cha kosi ya uphunzitsi), mkalasi mwanga muli mwana wosamva ndipo ku foromasau, kosi ya uphunzitsiyo, sanatiuze kalikonse kuti mwana wotere timuthandize bwanji. Mtima wanga ukufuna ndidzafike pophunzitsa aphunzitsi anzanga zimenezi ku univesite. Njira yake imayenda bwanji? Kapena ndingowolokera ku Malawi poti ndi pafupi?

Bambo wa ku Ulongwe:
Achemwali njira ilipo koma ndi yaitali musanamizidwe. Malizani kaye kalasi 12 kenako lisensiyatura, digiri yoyamba ya ku univesite. Univesite ya aphunzitsi ija tinkaitchula kuti UP boma linaigawa mu 2019, ya chigawo chathu pano ndi UniPúnguè, likulu ku Chimoio koma nthambi ili mu Tete momwe. Mukatero mestrado, digiri yachiwiri, chifukwa kulowa ntchito ya dosente, yophunzitsa ku univesite, opanda mestrado masiku ano ndi kovuta, za dotoramento, digiri yachitatu, ambiri amakatengera ku Maputo kapena Brazil ndi Portugal.

Mayi_Furancungo:
Abambo anena zoona pa mapepala, koma ine ndionjezepo. Musathamangire kuchoka mkalasi mayi. Alipo madotolo a zamaphunziro ena amatha kukamba za msonkhano wa ku Salamanca wa 1994 mpaka dzuwa kulowa, kuti ana onse aziphunzira pamodzi, koma muwapatse mwana wosaona ndi pepala la zilembo za osaona za Braille aima ngati mtengo, ndiye aphunzitsi otuluka m'manja mwawo amabwera kuno kumudzi ndi mawu okhaokha, mwana wosamva amukhazika kumbuyo chaka chonse mpaka makolo atopa amuchotsa akaweta mbuzi. Inuyo muli ndi chimene iwo alibe, mwanayo mukumuona tsiku ndi tsiku. Muzilemba mu kope zimene mwayesa, zimene zagwira ndi zimene zakanika, mawa ndi zomwezo mudzalembere kafukufuku wanu. Komanso mu Tete muli CREI, malo othandiza kuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo, amodzi mwa malo atatu m'dziko muno, ena ali ku Gaza ndi ku Nampula. Pemphani a dilekitolo akulembereni kalata mukaone momwe amaphunzitsira kumeneko.

Kamwendo77:
Za ku Malawi zo ndiyankhe ine. Montfort ya ku Nguludi ndi koleji yodziwika ndithu pa nkhani imeneyi, koma chinenero chamanja cha ku Malawi si chimodzi ndi cha kuno, ndipo maphunziro ake ndi a m'Chingerezi pomwe ana athu mayeso amalemba m'Chipwitikizi. Pepalalo lidzafunanso ekivalensiya, kuti boma lilivomereze, ku Maputo. Ngati mtima uli pa osamva, univesite ya UEM ku Maputo ili ndi kosi yakeyake ya Língua de Sinais de Moçambique, chinenero chamanja cha kuno.

Nabanda_Tsangano:
Zikomo akuluakulu. Maputo ndi kutali ndi malipiro athuwa eeh. Ndiyamba ndi kalasi 12 ku sukulu ya usiku, za kalata ndikaonana ndi a dilekitolo Lolemba.